Womaliza Kukhudza Bilimankhwe wa Mfumu

Inali cha m'ma naini koloko m'mawa, chiperoni chitakuta dziko lonse la Zikhalachoncho, pamene galimoto ya kunyumba yachifumu inaima pa dibi la ng'ombe la ku Nkhupakupa. A Lufeyo Kachiwanda, mlangizi wa ziweto wa deralo, anali atapinda buluku mpaka m'mawondo, akukankha ng'ombe yamakani kuti igwere m'madzi a mankhwala. Asilikali awiri anawauza kuti akufunidwa ku Mpandowanga, likulu la dziko, chifukwa kuli wodwala. Anawalola kusamba m'manja mokha.

Wodwalayo anali bilimankhwe wa Mfumu Ndakhuta Wachiwiri.

Anthu wamba a m'dzikolo akakumana ndi bilimankhwe panjira amalavula malovu n'kulambalala. Mfumu yokha ndi imene inaona ubwino wake. Inati nyama yotha kuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi, yoponda ngati ikufuna kubwerera, komanso yosatsutsa munthu akamalankhula, ili ndi zonse zoyenera mlangizi wa mfumu. Choncho inamutcha Wolemekezeka Sinthani n'kumupatsa chipinda chakechake. M'mawa uliwonse wailesi ya boma inkalengeza maonekedwe ake. Akakhala wobiriwira, ndiye kuti dziko lili pamtendere ndipo anthu agona atakhuta. Kwa zaka khumi ndi chimodzi wailesi sinalengezepo china.

Koma abilimankhwe amafa, ngakhale a mfumu. Sinthani woyamba atafa, mfumu inalira masiku awiri, ndipo pa tsiku lachitatu inakhazikitsa Lamulo la Womaliza Kukhudza. Lamuloli linkati bilimankhwe wa mfumu akafa, munthu amene anali womaliza kumukhudza ndiye wamupha, ndipo azikakhala kundende ya Musadikire moyo wake wonse. Anaika mlembi wa ntchito imodzi yokha, yolemba m'buku dzina la aliyense wokhudza nyamayo, tsiku ndi ola. Chiyambire pamenepo anthu a kunyumba yachifumu anasiya kumugwira ndi manja. Chakudya ankamupatsira pa mbaniro yaitali. Akayamba kufooka, ankaitana munthu wakutali, wopanda abale otchuka, kuti adzamuyeze. Ku Musadikire kunali kale wosesa m'chipinda, mphunzitsi wa sayansi ndi dokotala wa agalu a apolisi. Wodwala tsopano anali Sinthani wachisanu.

A Kachiwanda ankazidziwa zonsezi, monga ankazidziwira aliyense. Ulendo wonse m'galimoto ankadziuza kuti akafika manja awo akhala kumbuyo.

Anawalandira ndi a Filisoni Mtambalika, Nduna ya Maonekedwe a Dziko, munthu wamtali, wa mawu ofewa, amene manja ake anali m'matumba. M'chipinda cha Sinthani munkazizira kuposa kunja, chifukwa makina oziziritsa sankazimitsidwa. Mazenera anali ndi makatani atatuatatu. Pakati panali bokosi lagalasi, m'kati mwake muli ndodo yagolide yosalala, kapu yagolide ya madzi ndi kambale ka chiwindi chokazinga. Pakona panakhala mlembi, buku lili chitsegulire.

Sinthani sanali pandodo. Anagona pansi pa bokosi chammbali, mwendo wakumbuyo wakumanzere utapindikira kumene mwendo supindikira.

"Munyamuleni, adokotala," inatero nduna. "Ndi wofatsa."

A Kachiwanda anali atagwira ntchito ya ziweto zaka makumi atatu, ndipo dzanja lawo linazolowera kupita pa nyama yogona pansi mutu usanavomere. Pamene ankakumbukira za kumbuyo kuja, kanyamako kanali kale m'chikhatho mwawo, kopepuka ngati chitsononkho chouma. Cholembera cha mlembi chinamveka chikukanda pepala. Nduna inatulutsa manja m'matumba.

Poti dzina linali litalowa kale m'buku, anamuyeza bwinobwino. Maso anali atalowa m'kati chifukwa cha ludzu. Chibwano chinali chofewa ngati mphira, ndipo miyendo yotsalayo inali yokhota. M'kamwa munali zilonda. Khungu lakale linakanirira kuzala n'kuzimanga mpaka chimodzi chinada. Atapukuta pamsana ndi chala chonyowa, chalacho chinabwera chobiriwira, ndipo pansi pake panaoneka khungu lotuwa ngati phulusa. Kuseri kwa chitseko anaona burashi yomangirira ku nsungwi yotalika mikono iwiri.

Anafotokozera nduna mwaulemu. Anati bilimankhwe samwa m'kapu, amanyambita madontho pa masamba, choncho uyu wakhala akufa ludzu pambali pa madzi. Anati mafupa ake afewa chifukwa saona dzuwa. Zala zake ndi zogwirira nthambi zokhakhala, ndiye pa golide wosalala anatsetsereka n'kuthyoka mwendo. Chimene akufuna ndi dzuwa la m'mawa, mtengo wamasamba, ziwala zamoyo zowaza ufa wa zigoba za mazira, ndiponso kuti pentiyo achotsedwe.

Nduna inamvetsera mpaka kumapeto. Kenako inayankha kuti dzuwa ndi la anthu olima, ziwala ndi ndiwo za m'chaka cha njala, ndipo m'dziko muno mulibe njala. Za penti inati sikuzidziwa, ndipo amene akuzidziwa angachite bwino kuziiwala.

"Palibe wanena kuti Wolemekezeka akudwala," inatero. "Mwaitanidwa kudzatsimikiza kuti ali bwino. Lachisanu mukamuonetsa kwa Mwini Dziko pabwalo la nduna. Kufikira tsikulo ali m'manja mwanu."

"Nanga likapita Lachisanu, Olemekezeka?"

"Adzakhalabe m'manja mwanu. Buku likutero."

Linali Lachiwiri. A Kachiwanda anachita zimene akanatha popanda kuphwanya lamulo la nduna. Anamanga mwendo wothyokawo ndi timitengo tiwiri ta machesi ndi ulusi. Anamudonthezera madzi pamphuno ndi kaudzu mpaka anayamba kumeza. Anathyola kanthambi ka mango n'kukaika m'bokosi, n'kuuza alonda kuti ndodo yagolide ikufunika kupukutidwa. Mwa kuona kwawo, m'chipinda chozizira chomwecho nyamayo ikanatha milungu iwiri, itachita mwayi itatu. Anawerengetsa kuti pofika nthawi yopopera mbuzi iwo adzakhala ku Musadikire.

Kutuluka pachipata sankawaletsa, pakuti munthu wolembedwa m'buku analibe kothawira. Lachitatu masana anapita kumsika wa Tapirira kukaona mlamu wawo Nasibeko, mng'ono wa akazi awo, amene ankagulitsa tomato pafupi ndi ogulitsa makala. Nkhani inali itafika kale. Wogulitsa makala anawapepesa ngati anamfedwa, ndipo mayi wina wa zitumbuwa anawapatsa ziwiri zaulere, nati kundende kulibe.

Nasibeko sanawapepese.

"Alamu, zaka zonsezi mukugwira ng'ombe zolusa osavulala, lero mwagwetsedwa ndi buluzi wa penti?"

"Si buluzi, ndi bilimankhwe."

"Kundende mukawalongosolere kusiyana kwake."

A Kachiwanda anati nyamayo ikhoza kuchira atangowalola kuitulutsa padzuwa. Nasibeko anawayang'ana monga mmene ankayang'anira kasitomala wofuna kuchotseredwa mtengo. Anati ophunzira vuto lawo n'limenelo, amathamangira kuchiza matenda asanafunse kuti wodwala ndi wa ndani. Analoza mulu wa tomato. Anati pabenchi pake tomato wofewa amawola osamuyang'ana aliyense, koma kasitomala akangomufinya n'kuphulika, amakhala wake, ndipo amamunyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba ngati dzira.

"Ndunayo ilibe nazo kanthu chifukwa tomato ndi wanu. Mupatseni afinyeko."

A Kachiwanda anati nduna imayenda manja ali m'matumba. Nasibeko anafunsa kuti ndiye imadya bwanji. Kenako anatembenukira kasitomala, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lachisanu kunacha bwino. Bwalo la nduna linakumana m'holo yaikulu ya masitepe atatu. Pamwamba panakhala mfumu, pa sitepe yapakati panaima nduna, pansi pankagwada anthu wamba obwera ndi nkhani. Msonkhano unayamba ndi lipoti la Nduna ya Zaumoyo, imene inati m'zipatala mulibe mankhwala chifukwa anthu aleka kudwala, ndipo amene akugona m'makonde ndi ongozolowera malowo. Nduna ya Zaulimi inati mvula inagwa yokwanira, kungoti inagwera m'maiko olakwika. Mfumu inayamikira onse awiri. Ndiye a Mtambalika analankhula kwa theka la ola za thanzi la Wolemekezeka Sinthani, amene anati kubiriwira kwake chaka chino kwaposa kwa zaka zonse, ndipo anaitana dokotala wochokera kumudzi kuti aonetse mfumu ndi maso.

A Kachiwanda analowa atanyamula nthambi ya mango yotalika mkono umodzi ndi theka, Sinthani atakakamira chapakati. Mlembi ankawatsatira ndi buku.

Ku Zikhalachoncho kunali mwambo wakale kuposa mfumuyo. Munthu wamba sapereka chinthu kwa mfumu mwachindunji. Amapatsira nduna atagwada, nduna ikulandira ili chiimire, ndipo woperekayo sadzuka kapena kusiya chinthucho mpaka mfumu italoleza. A Mtambalika ankaukonda kwambiri mwambowu, ndipo anali atakwapulitsapo anthu chifukwa chogwada bondo limodzi. Anayeza nthambiyo ndi maso, anaona kuti kugwira mtengo si kukhudza nyama, ndipo anatulutsa dzanja limodzi m'thumba n'kugwira kunsonga ndi zala ziwiri.

A Kachiwanda anagwada mawondo onse awiri. Anawerama kwambiri, mpaka manja awo anatsala pang'ono kufika pansi. Akuluakulu ena anagwedeza mitu poyamikira ulemu wa anthu akumudzi.

Aliyense amene anawetapo mbuzi ali mwana amadziwa kuti bilimankhwe ukamuika pandodo amakwera chakumtunda. Akazizidwa, amalowera kofunda. Nthambi tsopano inali itapendekera m'mwamba, ndipo kunsonga kwake kunali dzanja lonenepa la nduna, likuwombedwa ndi dzuwa lolowera pazenera la holoyo. Sinthani anali atatha miyezi isanu ndi iwiri osaona dzuwa. Anatembenuza diso limodzi. Anakweza mwendo wakutsogolo, anaugwedeza, anaubweza, ndipo anauponda patsogolo.

Mfumu inasangalala kuona mlangizi wake akuyenda, ndipo inalamula kuti pasakhale wosuntha.

Ulendowo unali wa zikhatho zitatu, koma ndi mwendo womanga machesi unatenga mphindi makumi awiri. Kuponya nthambi pansi kukanakhala kupha mlangizi wa mfumu pamaso pa mfumu. Kuigwedeza chimodzimodzi. Kutsitsa dzanja kukanafuna kuti nduna igwade pamaso pa munthu wa dibi, ndipo a Mtambalika anataya mphindi khumi akuganizira zimenezo. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kolala inada.

"Adokotala," ananong'ona, "dzukani pang'ono."

"Mwini Dziko sanandilole, Olemekezeka."

"Ndikukulolani ine."

"Mwambo sutero, Olemekezeka. Munatiphunzitsa ndinu."

Nduna zina zinayamba kusuntha cham'mbali pang'onopang'ono, moti pofika mphindi yomaliza a Mtambalika anali okha pa sitepe. Sinthani anaika zala zake pa chala chawo chachikulu, anakwera padzanja, anafika padzuwa n'kutseka maso. M'holo monse munamveka cholembera chokha.

Madzulo a tsiku lomwelo nduna inapita yokha kunyumba za antchito kumene a Kachiwanda ankagona. Inawatcha achimwene. Inafunsa kuti paja anati dzuwa la nthawi yanji.

Mawa lake kunatuluka chilengezo cha boma chonena kuti, potsatira kafukufuku wa unduna, dzuwa lapezeka kuti ndi loyenera anthu a maudindo. Makina oziziritsa anazimitsidwa. Sinthani anasamutsidwira mumtengo wa gwafa wa pabwalo la nyumba yachifumu, pa nthambi yomweyo ya mango, popanda womukhudza. Madzi ofunda ochotsera penti ankathira ndi a Mtambalika eni ake, chifukwa munthu amene ndi womaliza kale saluza kanthu pokhudzanso. A Kachiwanda ankaima patali mikono itatu, manja ali kumbuyo, n'kumalangiza: apa pukutani pang'ono, chala chakudacho chinyowetseni kaye, m'kamwa musakande. Nduna inaphunzira kuwaza masamba ndi madzi katatu patsiku. Inaphunzira kusinja zigoba za mazira m'kamtondo. Mlonda wina atayatsa fodya pafupi ndi mtengowo, inamuthamangitsa ndi nsapato ili m'manja.

Ziwala zinavuta. Antchito ankabweretsa zakufa, ndipo Sinthani sadya chinthu chosayenda. Choncho anthu opita kumsika m'mamawa anayamba kuona Nduna ya Maonekedwe a Dziko m'dambo la kuseri kwa Tapirira, itavala suti, ikudumphira m'udzu ndi botolo. Wogulitsa makala anati ndi koyamba kuona nduna ikutuluka thukuta lake lomwe. Nasibeko anati akanadziwa kale, pamene mayi ake ankadwala chifuwa akanangopita nawo kumsonkhano n'kuwatsamiritsa pa nduna. Mawuwa anayenda. Pamsonkhano wotsatira, amayi okwana makumi anayi anabwera ndi ana odwala, n'kugwada kutsogolo atawatukula m'mwamba. Panalibe lamulo lonena za ana, koma nduna zinathawira m'magalimoto. Sabata yomweyo boma linaletsa kugwada uli ndi mwana m'manja.

Panthawiyi a Mtambalika ankafunafuna wopatsira. Nduna zinzawo zinasiya kuwapatsa moni wa padzanja ndipo zinkakhala mipando itatu kutali. Alonda akawaona akubwera ndi nthambi ankakwera pampanda. Atalephera konse, anakumbukira kuti m'dziko lonse muli munthu mmodzi yekha amene nduna imamugwadira. Patapita milungu isanu, Sinthani atayambanso kuponya lilime n'kugwira chiwala payekha, anapempha mwayi woonetsa mfumu zotsatira za ntchito ya unduna wawo. Anasankha m'mawa wadzuwa. Anagwada mawondo onse awiri ndipo anawerama kwambiri.

Ulendo uno bilimankhwe anali ndi mphamvu. Anatenga mphindi zinayi zokha kufika padzanja la mfumu, imene inali itagwira nthambi kunsonga.

Mlembi anayang'ana mfumu, anayang'ana buku, anayang'ananso mfumu. Anali munthu wa ntchito imodzi, ndipo anaigwira.

Bwalo la nduna linakhala mpaka dzuwa kupendeka. Kufufuta lamulo sikukanatheka, chifukwa kukanaonetsa kuti mfumu inalakwitsa polikhazikitsa. Kung'amba tsamba sikukanatheka, chifukwa holo yonse inaona. Kumanga mfumu sanakutchule n'komwe. Pomaliza anagwirizana kuti, popeza mfumu singapite kundende, ndiye kuti Wolemekezeka Sinthani sangafe, ndipo wonena kuti wafa adzakhala akunyoza mpando. Mfumu, imene sinadalire kwenikweni chigamulocho, inalamula kuti a Kachiwanda apatsidwe chilichonse chimene angapemphe. Anapempha kuti anthu asiye kuunjikana pamtengo, kuti ng'oma za asilikali aziimbira kutali, ndiponso kuti atatu a ku Musadikire aja atulutsidwe. Ziwiri zoyambazo zinachitika tsiku lomwelo. Chachitatu anachipereka kukomiti.

Sinthani anafundula khungu lakale lonse. Chala chakuda chija chinagwa, mwendo unalumikizana mokhota, koma maso anatuluka ndipo chibwano chinalimba. Anabiriwira ndithu, popanda burashi, ndipo tsiku limenelo wailesi inanena zoona mosadziwa.

Lolemba lina m'mawa anatsika mumtengo wa gwafa n'kuyamba kulowera kuchipata.

Pabwalopo panali asilikali makumi anayi. Onse anamuona. Mkulu wawo analamula kuti amugwire, ndipo asilikali anafunsa mwaulemu kuti ayambe ndani. Wina anabweretsa ndodo, koma atakumbukira za nthambi ya mango anaiponya kutali. Mfumu ikanatha kumunyamula yokha popanda kuluza kanthu, koma mwambo sulola mfumu kuwerama pagulu. Anatuma a Mtambalika, ndipo kunapezeka kuti adwala msana. Anaitana a Kachiwanda, amene anati monga dokotala akuona kuti kuyenda kukumuchitira bwino mwendowo. Anatseka chipata, koma pansi pa chipata panali mpata wa zala zinayi. Bilimankhwe anatenga masiku atatu kudutsa bwalolo, akupuma pa maluwa, asilikali akumuperekeza mbali zonse ziwiri ngati pa perete. Lachitatu madzulo analowa pansi pa chipata, anawoloka msewu magalimoto ataimitsidwa, n'kulowa m'tchire.

Boma linalengeza kuti Wolemekezeka Sinthani ali paulendo woyendera dziko. Poti mfumu ndiyo inatsala m'buku, ndipo panalibe wodziwa kuti Sinthani ndi uti, kupha bilimankhwe aliyense kunaletsedwa, ndipo madalaivala a nduna anauzidwa kuti aziyang'ana pansi. Anthu oyenda pansi anapindulako pang'ono. Bokosi lagalasi linabwezedwa m'chipinda chozizira, ndipo m'mawa uliwonse munthu wa wailesi amakasuzumira m'menemo n'kulengeza kuti n'kobiriwira. Komiti ya atatu aja idakali kukumana.

A Kachiwanda anauzidwa kuti ntchito yawo yatha. Galimoto yowabweza kunalibe, choncho anadzera kumsika kukadikira basi. Nasibeko anawakodola n'kuwalozera mpanda wa minga kuseri kwa benchi yake, pamene panali bilimankhwe akuwotha dzuwa pafupi ndi dengu la tomato wowola, pomwe ntchentche zinali zambiri.

"Alamu, si mlendo wanu uja ameneyu?"

A Kachiwanda anayang'ana mwendo wakumbuyo wakumanzere kwa kanthawi ndithu.

"Ine ndimadziwa za ng'ombe," anatero. "Koma denguli musalisunthe."

Anafika ku Nkhupakupa dzuwa likulowa. M'mawa mwake anapeza madzi a m'dibi ataphwera ndipo ng'ombe za midzi itatu zikudikira, nkhupakupa zitadzaza m'makutu. Anasungunula mankhwala, anapinda buluku mpaka m'mawondo, n'kuuza mwini ng'ombe woyamba kuti atsegule mpata.